Chofunda cha zigamba: zimene zimachitika pakhonde Loweruka masana

[Khonde la nyumba ya malata. Chifunga chaphimba phiri. Manja a mayi akutambasula nsalu pamkeka.]

WOFOTOKOZA: Taonani ichi. Kachigamba kofiira aka kanali diresi ya mwana. Kabuluu aka n'kotsala pa yunifolomu ya sukulu. Aka, kali ndi theka la nkhope ya munthu, kanachokera pa chitenje cha msonkhano wa chipani, koma sitinena kuti chipani chanji. Tizigamba tonse tilipo 300, ndipo tasokedwa kukhala chofunda chimodzi choti munthu n'kugona nacho mu June kuno ku Mulanje osadzuka pakati pa usiku kufuna bulangete lina.

Takulandirani. Lero tili kufupi ndi Chitakale, kunyumba kwa azakhali anga. Iwo ndi anzawo asanu ndi mmodzi amakumana Loweruka masana, kawiri pamwezi, lero kwa uyu, ulendo wina kwa uja. Aliyense amabwera ndi chimene akusoka, n'kuchitambasula pamaso pa anzake. Ndikuonetsani kasokedwe kake, komanso chifukwa chake ndikukhulupirira kuti popanda kukumanako zofunda zambiri mwa izi zikanathera m'jumbo kuseri kwa chitseko.

[Kamera pafupi: mayi akutsegula m'mphepete mwa chofunda chosamaliza, kuonetsa mkati.]

Pachingerezi amati quilt. Amayi a pano amangoti chofunda cha zigamba. Chili ndi nsalu zitatu zosanjikizana. Pamwamba ndi pa zigamba, pokongola paja. Pansi pamakhala nsalu yathunthu, kawirikawiri zitenje ziwiri zolumikiza, poti chitenje chimodzi, mayadi awiri aja, sichikwana bedi. Pakati ndiye pali nkhani. Kunja amagula thonje lopangidwira ntchito imeneyi, koma pano amaikapo bulangete lakale loti latha ubweya, kapena kabulangete kopepuka ka pa kaunjika. Chimene chimakufunditsani ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa nsalu zitatuzi. Thupi lanu limautenthetsa, ndipo ulibe kothawira. N'chifukwa chake nsalu zitatu zopyapyala zimaposa imodzi yokhuthala.

Amene sanagonepo kuno m'nyengo yozizira angaone ngati tikukokomeza. Tili m'munsi mwa phiri lomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi mamita 3,002. Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, komwe kuli phiri la Chiperone lomwe linapatsa mvulayi dzina, kumatha masiku atatu dzuwa osalionako, zovala osauma, mvula yamawawa ili waa. Chofunda kuno chimagwira ntchito.

[Mwana akudutsa, kabudula wake ali ndi chigamba kumbuyo.]

Vuto n'loti tinakula tikudziwa kuti chigamba ndi umphawi. Amene tinapitapo kusukulu ndi kabudula wa maso awiri kumatako tikukumbukira mmene anzathu ankatisekera. Azakhali akuti atayamba, anthu ankafunsa kuti, "Kodi zafika pamenepa, mpaka kutola zinyalala kwa telala?"

Komatu luso limeneli m'madera ambiri linakulira m'manja mwa osauka. Ku Bengal, dera lomwe lili mbali ina ku India mbali ina ku Bangladesh, amayi amasanjikiza nsalu zawo zakutha n'kuzisoka pamodzi, amati kantha. Ku America, m'chigawo cha Alabama, kuli kamudzi kotchedwa Gee's Bend, ka anthu akuda, zidzukulu za akapolo a m'minda ya thonje. Amayi a kumeneko ankasoka zofunda kuchokera ku mathalauza akutha a kumunda, kuti ana asafe ndi mphepo m'nyumba zamatabwa. Mu 2002 zofunda zomwezo zinapachikidwa m'nyumba zoonetsera zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zinajambulidwa pa masitampa a positi a dziko lawo. Ndinawaonetsa azakhali zithunzi zake pafoni. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Koma makona awo sakukumana." Tibwereranso ku makona amenewa.

[Msika. Pansi pa makina a telala pali mulu wa zidutswa za nsalu.]

Nsalu amazipeza kwa matelala. Telala akadula diresi, zotsala zimagwera pansi pa makina, madzulo amasesa n'kukatentha. Ena amapereka ulere, ena atazindikira kuti zikufunidwa anayamba kugulitsa pajumbo. Wina mwa amayiwa ali ndi mchemwali wake ku Limbuli, ndiye kumabwerako zidutswa za zitenje zolowera pa Muloza. Zina ndi malaya a abambo a pa kaunjika, oti kolala yatha koma kumsana kuli bwinobwino.

Si nsalu iliyonse imalowa. Amafuna ya thonje, ndipo kayesedwe kake n'kosavuta.

[Mayi akusolola ulusi pang'ono m'mphepete mwa nsalu, akuyatsa machesi.]

Ya thonje imapsa ngati pepala, fungo lake ngati pepala, phulusa lake limafufutika m'zala. Ya pulasitiki, poliyesitala ija, imakwinyika, kusungunuka, n'kusiya kampira kolimba kakuda. Mukaziphatikiza pa chofunda chimodzi mudzalira tsiku lochapa, chifukwa ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba pamene inayo ili chomwecho, ndiye chofunda chonse chimachita makwinya. Simbi yamakala ikatentha kwambiri imabowolanso ya pulasitikiyo. Ndipo chilichonse chichapidwe musanadule, makamaka zitenje zofiira ndi zabuluu zatsopano. Madzi akatuluka ofiira, chapaninso. Kuli bwino utoto uthere m'beseni kusiyana n'kuti udzathere pa kachigamba koyera koyandikana nako.

[Katoni, choko, tepi yoyezera ndi sizasi pamkeka.]

Tsopano masamu, ndipo apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe ongoyamba kumene amagwera.

Tinene kuti mukufuna chofunda cha masentimita 150 m'lifupi, 200 m'litali, ndipo kachigamba kalikonse kazioneka masentimita 10 mbali zonse. Ndiye kuti mzere umodzi uli ndi tizigamba 15, mizere ilipo 20, tonse 300. Koma simudula 10. Msoko umadya nsalu. Osoka a kunja amasiya kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6. Amayi a pano anagwirizana sentimita imodzi, poti ndi yosavuta kuiona patepi. Sentimita uku, sentimita uku, ndiye mumadula 12. Mumadula kakatoni ka 12 mbali zonse, kuika pansalu, kuzunguliza choko, kudula. Kakatoniko kaziyenda motsata ulusi wa nsalu, osati mopingasa, chifukwa nsalu yodula mopingasa imatamuka ngati legeni. Ndipo mukajambulira tizigamba makumi angapo, m'mphepete mwa katoni mumadyeka, kamayamba kuchepa inu osadziwa. Dulani kena.

Mwina mukuti mamilimita awiri n'chiyani. Werengani nane. Kachigamba kalikonse ka mbali imodzi kakaperewera mamilimita 2, potsika tizigamba 20 mwataya masentimita 4. Mbali ina ya chofunda yaitali, ina yaifupi, ndipo palibe simbi imene ingakonze zimenezo.

Makona aja tsopano. Pamene tizigamba tinayi takumana payenera kuoneka mtanda woongoka. Chinsinsi chake ndi kusita. Mzere woyamba misoko yonse mumaigoneka kumanja, wachiwiri kumanzere. Polumikiza mizere iwiriyo misoko imalumana yokha, mumachita kuimva ndi chala kuti yakhala. Mwa amayi asanu ndi awiriwa, awiri okha ndi amene ali ndi makina opalasa ndi mwendo. Enawo amasoka pamanja, ndipo kunena zoona makona abwino kwambiri ndawaona kwa a pamanja.

[Amayi akufika mmodzimmodzi ndi majumbo. Moni, kugwirana chanza. Tiyi m'fulasiki, mbatata yophika m'mbale.]

Nthawi yakwana. Mwininyumba amaphika tiyi ndi chilichonse chimene chilipo, mbatata, chinangwa, nthawi zina nanazi. Anagwirizana kuti pasakhale mpikisano wa zakudya, kuopa kuti wosowa angayambe kuzemba tsiku lake. Akamwa, mkeka umasesedwa, manja amasambidwa, kuonetsana kumayamba. Lamulo ndi limodzi: bwera nacho mmene chililimo. Kaya wasoka mizere iwiri yokha, kaya sunakhudzeko, tambasula.

[Mayi wachitsikana, mwana kumsana, akutambasula kachofunda kakang'ono. Onse akuombera m'manja. Agogo akuvala magalasi.]

AGOGO: Mitundu mwasankha bwino, make mwana. Chikasuchi chakhala. Tatembenuzani.

MAYI WACHITSIKANA: Iii agogo, kumbuyo ayi.

AGOGO: Tembenuzani, ife tonse tinatembenuzapo.

[Akutembenuza. Chala cha agogo chikuyenda pamsoko, chaima.]

AGOGO: Apa munasoka usiku.

MAYI WACHITSIKANA: Magetsi anazima, ndinayatsa tochi ya pafoni.

AGOGO: Ndaona. Msoko wayamba sentimita, pofika apa watsala theka. Kuchapa kawiri, pang'ambika. Masulani kuyambira apa mpaka apa, mizere inayi ili bwino, musaikhudze.

WOFOTOKOZA: Agogowa anagwirapo ntchito yosoka mayunifolomu zaka zambiri, ndipo kutsogolo kwa nsalu sakhala nako nthawi. Ine ndinkaona ngati ndi nkhanza. Ndinasintha maganizo nditawerenga. Kachofunda ka mwana aka n'ka 80 kwa 100, tizigamba 80. Cholakwikacho chapezeka pa mzere wachisanu, ndipo kumasula ndi ntchito ya theka la ola. Akanakhala yekha kunyumba akanachiona atamaliza mizere yonse khumi, ataika kale bulangete pakati. Pamenepo munthu samasula. Amapinda, kuponya m'jumbo, n'kunena kuti zosokazi si zanga.

Chinanso, chofunda chachikulu cha pamanja chimatenga miyezi. Atatu mwa amayiwa amathyola tiyi, ndipo kuyambira December mpaka cha mu April, masamba akamaphuka ndi mvula, amafika kunyumba msana utauma, singano osaifuna n'komwe. Chimene chimawabwezera ku nsalu ndi manyazi abwino aja, oti Loweruka likubwera ndipo anzanga adzati tambasula. Azakhali amavomera okha kuti mizere yawo yambiri inasokedwa Lachisanu usiku.

[Majumbo akhuthulidwa pakati pa mkeka. Manja akusankha.]

Akatha kuonetsana amakhuthula zidutswa pakati. Uyu chobiriwira chamuthera chofunda chisanathe, uyo ali nacho chambiri koma akusowa choyera. Apa sipakhala ndalama, n'kusinthana basi. N'chifukwa chake mukayang'ana zofunda za nyumba zisanu ndi ziwirizi mupeza kachitenje kamodzimodzi kakubwerabwera monsemo.

[Amayi anayi agwira makona a nsalu, akuikoka. Ena akuyala bulangete pamwamba pake.]

Ntchito iyi ndiye yosatheka munthu mmodzi. Nsalu yapansi iyalidwe chafufumimba, yokokedwa bwino, popanda khwinya. Bulangete pamwamba pake, kenako zigamba. Amayamba kumanga kuchokera pakati kupita kunja, kuti khwinya lililonse lithawire m'mphepete. Wofulumira amangomanga mfundo ndi ulusi wokhuthala pa kona iliyonse, kubaya pansi, kutulukira pamwamba, kumanga kawiri, kudula. Wodekha amasoka mizere ya timisoko ting'onoting'ono kudutsa nsalu zitatu zonse. Yachiwiriyi imalimba ndipo imakongola, koma chala chapakati chimadziwa. Pomaliza amazunguliza kansalu kopinda m'mphepete monse kuti mkati musaoneke.

Anthu amafunsa ngati amagulitsa. Mwa apo ndi apo. Tizofunda ta ana timayenda, makamaka kwa opita kukaona mwana wobadwa kumene. Zikuluzikulu n'zovuta, chifukwa wogula amayerekeza ndi bulangete la pa kaunjika, ndipo mtengo umene amatchula sukwana ngakhale ulusi ndi zitenje zapansi, osanena za miyezi itatu ya munthu. Ena amawauza kuti apite nazo ku Likhubula kwa alendo okwera phiri. Mwina tsiku lina. Zambiri pakali pano zimapita kwa ana awo ogonera kusukulu ndi kwa achibale okwatiwa.

Panabukanso maganizo oti gululi likhale banki m'khonde, poti akukumana kale. Anakana, ndipo ine ndili mbali yawo. Tonse tikudziwa zimene zimachitika munthu akakhala ndi ngongole pagulu: tsiku lokumana limamupeza ali kumaliro a kutali. Ofuna kulowa aliponso ambiri, koma amawauza kuti ayambitse lawo, agogo adzapita kukawaonetsa kadulidwe. Anthu asanu ndi awiri, aliyense mphindi khumi zotambasula, ola latha kale. Mukakhala makumi awiri, wina adzabwerera ndi jumbo lake losamasula.

[Dzuwa lapendeka. Amayi akupinda nsalu. Mayi wachitsikana wakhala pambali, akumasula msoko ndi nsonga ya singano. Agogo amulandira mwana.]

AGOGO: Musakoke, mung'amba. Dulani ulusi uliwonse wachitatu, kenako solorani.

MAYI WACHITSIKANA: Loweruka linalo tili kwa ndani?

AZAKHALI: Kwanu komwe. Mbatata tibweretsa, inu mungokonza mkeka.

AGOGO: Ndi mzere wachisanuwo.

[Kamera pa ulusi ukusololoka. Chithunzi chikuzima.]