Singapore mpaka New York pa ndege: mtunda wake weniweni ndi uti?

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikambe za ulendo wa pandege wochoka ku Singapore kukatera pa bwalo la JFK ku New York osaima paliponse. Amayendetsa ndi a Singapore Airlines, ndege yake ndi Airbus A350-900ULR, ndipo munthu umakhala m'mwambamo maola 18 kapena 19. Mukafufuza pa intaneti akuuzani kuti mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 15,300.

Koma nambala imeneyo si imene ndege imauluka ayi, imeneyo ndi njira yachidule basi. Tengani lalanje ngati dziko lapansi, muike kadontho uku kena uko poimira mizinda iwiriyi, kenako mukoke ulusi pakati pake mpaka ukungike bwinobwino. Pomwe wagona ulusiwo ndi pomwe pali njira yaifupi, ndipo pa mizinda iwiriyi ulusi umadutsa kumtunda kwenikweni kufupi ndi North Pole, kumadzi oundana kuja.

Onani njira imeneyi pa mapu afulati. Mzerewu ukuoneka wokhota ngati ndege ikuzungulira dala eti? Vuto ndi mapuwo. Mapu ambiri afulati amatengera kajambulidwe ka katswiri wa mapu Gerardus Mercator ka mu 1569, ndipo amatanula kwambiri mayiko a kumpoto, n'chifukwa chake Greenland amaoneka ngati akufanana ndi Africa chikhalirecho Africa ndi wamkulu maulendo 14.

Tsono apa ndi pomwe pamandisangalatsa ine. M'mwamba muja, makilomita 10 kuchoka pansi, mumaomba chimphepo chotchedwa jet stream, chimachokera kumadzulo kulowera kum'mawa ndipo nthawi zina chimapitirira makilomita 200 pa ola. Woyendetsa ndege sangalimbane nacho chimenechi, amafuna chizimukankha kumbuyo, ndiye pochoka ku Singapore nthawi zambiri amalowera cha ku Japan, kuoloka Pacific, kudutsa cha ku Alaska ndi Canada mpaka kufika, koma pobwerera masiku ambiri sabwerera momwemo, amalowera kum'mawa ndithu kuoloka Atlantic, kudutsa ku Europe ndi cha ku India, moti ndege imodzi yomweyo imapezeka yazungulira dziko lonse pa ulendo wopita ndi kubwera. Makilomita amachuluka inde, kupitirira 16,000, koma nthawi ndi mafuta zimapulumuka. Onjezerani apo kuti kuyambira 2022 makampani ambiri sadutsanso mumlengalenga mwa Russia, njira ya kumpoto ija yavuta.

Mafuta a maola onsewo ndi katundu wolemera zedi, ndiye mu ndegeyi anangoikamo mipando 161 yokha, ya economy wamba mulibe. Mukamagula tikiti ya ulendo wautali yang'anani maola a mbali zonse ziwiri, kupita ndi kubwera sizifanana. Tiuzeni mizinda iwiri imene mukufuna tiyeze mu vidiyo yotsatira.