Bwalo likachepa, ana alikonze okha

Zikomo amfumu, a komiti ya sukulu, amayi ndi abambo nonse. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Kuno ku Thyolo malo ndi ovuta. Uku tiyi, uku nthochi, uku chimanga, kamalo kotsalako nkotsetsereka. Bwalo lovomerezeka la mpira wamiyendo limafuna mamita osachepera 90 m'litali ndi 45 m'lifupi. Ndi sukulu zingati kuno zili ndi malo athyathyathya otere? Komanso chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi ndi odzaza. Ndiye mphunzitsi amangoponya mpira umodzi, anyamata 22 nkumathamanga, ena onse ali pansi pa mtengo kuonerera. Amenewo si maphunziro, ndi chionetsero.

Chimene tikufuna nchakuti mwana adziwe kuti malire a bwalo amasuntha, ndipo ukawasuntha masewera nawonso amasintha. Azisuntha yekha, osati kudikira aphunzitsi.

Titenge chipako, chimene tonsefe tinasewerapo. Ana khumi ajambule bwalo lalikulu ndi phulusa, mmodzi azithamangitsa anzake. Posachedwa muona wothamangitsayo ali wefuwefu, sanagwire aliyense. Apo musamuuze chochita. Imitsani masewera, mufunse kuti, "Tichite chiyani kuti mnzathuyu agwireko munthu?" Wina anena kuti othamangitsa akhale awiri. Wina anena kuti tichepetse bwalo. Ayese zonse. Akalichepetsa kwambiri ayamba kugundana mitu, aliyense akugwidwa nthawi yomweyo, kukoma kwatha. Alikuzenso pang'ono mpaka apeze muyeso wake. Phunziro lenileni lili pakuyesayesapo, ndipo limatenga nthawi. Aphunzitsi anzanga, pirirani, musalande phulusalo m'manja mwa ana.

Atsikana izi amazidziwa kale. Pa fulaye, oponya mpira akayandikana kwambiri wapakati sachedwa kulasidwa, ndiye mumva akukangana kuti bwerera m'mbuyo, wayandikira. Mkangano umenewo ndi nzeru. Amayi, musamawakalipire kuti akusokosa.

Mpira wamanja, umene timanyadira nawo a Malawi Queens, uli ndi bwalo la mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, logawidwa patatu. Gawo lililonse mwa atatuwo likhoza kukhala kabwalo pakokha, ana anayi mbali iyi, anayi mbali inayo. Ana 24 akusewera pamalo pamene pakanakhala 14 okha, ndipo aliyense akuugwira mpira kawirikawiri. Pamalo opanikizika mwana amaphunzira kupatsira msanga ndi kuthawira pamene palibe munthu. Mipira isakuvutitseni, chikulunga cha mapepala apulasitiki chimakwana, zigoli ndi masilipasi. M'masewera omwewo muli lamulo loti wotchinga aime pafupifupi mita imodzi kuchokera kwa amene wagwira mpira. Ngati pagulupo pali mwana wolumala mwendo kapena wosaona bwino, afunseni anzake kuti mtundawo ukhale wotani kwa iyeyo. Kawirikawiri amamujambulira kachigawo kake kamene wina salowamo, ndipo amasewera nawo mpaka belu.

Za kutsetsereka. Chigoli china chikakhala kumtunda china kumunsi, akumunsi amadandaula, ndipo sakulakwa. Ana akhoza kulitembenuza bwalo kuti lipingase chitunda, kapena kusinthana mbali pafupipafupi, kapena kuchepetsa chigoli chakumunsi. Asankhe okha, bola agwirizane asanayambe.

Pali chimodzi chokha chimene sitiwasiyira ana, ndicho chitetezo. Asanasewere, onse ayende mondondozana kutola minga, mabotolo osweka ndi miyala. Malire asafike pakhoma, pa dzenje la chimbudzi kapena pamsewu pamene pamadutsa njinga zamoto za kabaza. Siyani mapazi angapo, chifukwa mwana wothamanga saima pamzere penipeni. Chiperoni chikagwa dothi lathu lofiirali limaterera, ndiye bwalo lichepe, asewere moyenda osathamanga. Ndipo kumene namondwe wa Freddy anakumba zigwembe mu 2023, munthu wamkulu ayambe wakaonako.

Kwa inu makolo pempho ndi laling'ono. Madzulo ana akajambula mizere pabwalo la pakhomo, musafulumire kusesa. Lachisanu mwana aliyense abwere ndi phulusa m'kachitini, lozizira chonde, osati lochokera pamoto m'mawa womwewo. Amfumu, malo aja a kuseri kwa tchalitchi tikambirane tikamaliza pano.