Kuoloka ndi katundu pa Mwami: msonkho umene COMESA imachotsa ndi umene umatsala

Amayi ndi abambo, makamaka inu amene mumakapikula katundu ku Chipata, tcherani khutu. Malawi ndi Zambia onse ali mu COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa lomwe likulu lake lili ku Lusaka, ndipo kuyambira 2000 katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'maiko awiriwa salipira msonkho wa kasitomu. Kwa inu a geni yaing'ono kuli njira yachidule yotchedwa STR, yomwe inayamba mu 2010.

Katundu wanu asapitirire mtengo umene STR imalola pa ulendo umodzi, komanso akhale pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana. Mukafika pamalire pa Mwami, madobadoba asiyeni. Lunjikani pa desiki yothandiza amalonda, ofesala wake akuonetseni mndandandawo ndi kukuthandizani kulemba fomu.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi apa: kugula chinthu ku Chipata sikutanthauza kuti ndi cha ku Zambia. Nsapato zopangidwa ku China, ngakhale mwazigula pamsika wa ku Chipata, zilipira msonkho wonse. Ndipo STR imachotsa msonkho wa kasitomu wokha. VAT ikadalipo pa katundu amene amalipira VAT. Mtedza, soya kapena nyemba zimafunanso chilolezo chotulutsira kunja ndi chikalata cha a zaulimi chotsimikiza kuti mulibe tizilombo. Mukazembera njira zakutchire, a MRA akakugwirani, mpamba wonse wapita.

Tsono musaganize kuti maikowa amangogwirizana nthawi zonse. Lililonse limakokera kwake. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, Mozambique nayonso simo. Amenewa timakumana nawo mu SADC, choncho mapepala a pa Mwami musawadalire pa Songwe kapena pa Dedza. Mu Marichi 2025 boma lathu linaletsa katundu wina wakunja, monga mpunga, ufa ndi zipatso, pofuna kuteteza alimi athu ndi kusunga ndalama zakunja. Mu Epulo Tanzania inabwezera poletsa zokolola zathu, mpaka kuopseza za feteleza wodzera pa doko la Dar es Salaam. Chiletso chawo chinatha patangopita masiku ochepa, koma nthochi zinali zitaolera kale m'malole, ndipo zimandiwawa kuti amene anataya ndalama ndi amalonda ang'onoang'ono ngati inu nomwe.

Ndiye musanagule katundu woola msanga, yambani mwafunsa pa desiki ija ngati sabata imeneyo pali chiletso mbali iliyonse ya malire.