Musanagule sola, yambani mwayezetsa nyumba

Omvera athu, takulandirani. Lero tikambe za akatswiri aja amene amabwera pakhomo kudzafufuza komwe magetsi akuthera. Ambirife tikaona mayunitsi akutha msanga timathamangira kugula sola. Dikirani kaye, kuteroko n'kutungira madzi m'dengu.

Katswiriyo asanafike, sonkhanitsani malisiti a magetsi. Ngati muli nawo a chaka chonse ndiye bwino, poti nyengo yozizira ndi yotentha magetsi sayenda mofanana. Akafika musamusiye yekha ayi, muziyenda naye chipinda ndi chipinda, mukufunsa.

Pa giza pokha, thanki yotenthetsera madzi ija, mukhalitsepo. Mvetserani bwino apa: yuniti imodzi ndi mawati 1,000 akayaka kwa ola lathunthu. Ndiye giza ya mawati 3,000 ikatenthetsa madzi maola awiri, mayunitsi 6 apita, inu muli mtulo. Muuzeni aone pomwe inachunidwa. Madigiri 60 ndi okwanira. Koma chonde musatsitse kwambiri pofuna kupulumutsa ndalama, chifukwa m'madzi ongofunda mumaswana tizilombo totchedwa Legionella, toyambitsa chibayo choopsa. Katswiriyo aikutire gizayo ndi bulangete lake, akutirenso mapaipi a madzi otentha, ndipo ngati n'kotheka aikepo kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa pa nthawi yake.

Kenako akwere kudenga, akaone ngati pamwamba pa siling'i anayalapo zotchinga kutentha. Popanda zimenezo fani kapena hita imangovutika pachabe. Ena amabwera ndi kamera yoona kutentha, imaonetsa m'mazenera ndi m'zitseko momwe mphepo ikudutsira.

Za mababu sitichedwapo. Lakale la mawati 60 likamayaka maola asanu usiku uliwonse, pamwezi ladya mayunitsi 9. La LED la mawati 9 limawala chimodzimodzi, koma silifika ngakhale yuniti ndi theka. Filiji mutha kuiyesa nokha lero lomwe: panani pepala ndi chitseko chake, mulikoke. Likangosololoka, labala wa chitsekocho watha.

Tsono chimene ndimalimbikira ine ndi ichi. Asachoke ndi mawu apakamwa okha. Akulembereni lipoti: chofunika kukonza, mayunitsi amene chidzapulumutse pamwezi, ndi choyambira. Mumufunsenso mosapsatira ngati amagulitsa yekha zipangizo zimene akukuuzanizo. Akati inde, kafunseninso mitengo kwa ena awiri musanavomere.

Mukakonza zonsezi, lembani manambala a pamita kwa mwezi wathunthu. Manambala atsopanowo ndiwo mupite nawo kwa oika sola.