Mtsempha umatsekeka osapweteka

Zikomo amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Nonse mwamva za mnzathu uja anagwa sabata yathayi, pakamwa kupotoka, mkono wakumanja osanyamuka. Anthu akungoti zamugwera mwadzidzidzi. Chimene chinamugwetsacho chinayamba zaka zambiri kumbuyoku, m'mitsempha ya m'khosi, mwakachetechete. Gwirani mawu awa: mtsempha umatsekeka osapweteka.

Mafuta otchedwa kolesterolo thupi limawafuna, ndipo ambiri amapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe. Koma mafuta sasungunuka m'magazi, choncho amayenda atanyamulidwa. Chonyamulira china, LDL, chimawapititsa m'thupi monse. China, HDL, chimatola otsala n'kubwerera nawo kuchiwindi. Chovuta ndi LDL ikachuluka. Kale mu 1913, Nikolai Anichkov wa ku Russia anadyetsa akalulu kolesterolo, mitsempha yawo n'kuyamba kuunjikana mafuta.

Tsono funso langa nali. LDL imayenda ndi magazi kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Nanga bwanji mafutawo amasankha malo? Taganizirani mtsinje. Powongoka madzi amathamanga, sasiya kanthu. Pokhota, mbali yamkati, madzi amazengereza ndipo mchenga umasonkhana pomwepo. Mtsempha nawonso ndi chimodzimodzi, pokhota ndi pamphanda pamene wagawikana pawiri. Colin Caro ndi anzake ku London anafotokoza zimenezi mu 1969.

Gwirani pambali pa khosi, mmunsi mwa chibwano. Osakanikiza, agogo, kungokhudza basi! Pamene pakugundapo, mtsempha wopita kumutu wagawikana pawiri. Malo ena otero ndi timitsempha todyetsa mtima, mtsempha waukulu wa m'mimba, ndi ya m'miyendo.

Mkati mwa mtsempha muli kakhungu kopyapyala kwambiri ka maselo. Magazi akamadutsa mowongoka, maselowo amandondozana bwinobwino, ogwirana. Pamphanda magazi amazungulirazungulira, ena kubwerera m'mbuyo, maselo aja amasokonekera n'kuyamba kulowetsa zinthu. LDL imachedwa pamenepo, imalowa m'khoma la mtsempha, n'kukodwa. Maselo oyera a magazi amabwera kudzaimeza, amameza mpaka kufera momwemo, mulu n'kumakula pansi pa kachivindikiro. Tsiku lina kachivindikiroko kamang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo. Zikachitikira pamtima, ndiye mtima uja timati wangoima. Chibuluma chikapita ku ubongo, ndi sitiroko. Zaka zonsezo munthu akuyenda, akuseka, osamva kanthu. Umatsekeka osapweteka.

(Bambo wina: "Nanga ife oonda chonchi, zikutikhudza bwanji? Si za anthu onenepa zimenezi?")

Mwafunsa bwino bambo, ndipo ambiri pano akuganiza zomwezo, kungoti achita manyazi. Mafuta a pamimba ndi ena, a m'khoma la mtsempha ndi ena. Kunenepa kumawonjezera ngozi, inde, koma kuonda si chishango. Mu 1953 madokotala anaunika mitima ya asilikali 300 a ku America amene anafa pankhondo ya ku Korea, anyamata a zaka pafupifupi 22, amphamvu zawo. Oposa 7 mwa 10 aliwonse anali atayamba kale kuunjikana mafuta m'mitsempha ya mtima. Palinso za kumtundu. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 250 amabadwa ndi chiwindi chimene sichichotsa bwino LDL m'magazi, kaya adye mosamala chotani. Ngati bambo anu kapena mchimwene wanu anagwa ndi mtima asanakwane zaka 55, muwauze adokotala, musadikire kuti akufunseni.

China, bambo. Mitsempha yobweza magazi kumtima kawirikawiri siunjikana mafuta, pomwe magazi ake ndi omwewo. Koma adokotala akatenga mtsempha wotero kumwendo n'kuulumikiza pamtima, pamene magazi amakankha mwamphamvu, pakapita zaka nawonso umayamba. Mukuona ntchito ya BP? Imakankhira LDL m'khoma. Fodya amawononga kakhungu kaja, shuga naye chimodzimodzi. Ndiye inu amene munasiya mankhwala a BP chifukwa mutu unasiya kupweteka, ndikukuonani, musayang'ane pansi. Mutu si choyezera. Mtsempha umatsekeka osapweteka.

Ndaona ena ayamba kuyasamula, ndithamange. Kayezetseni BP, ikamafika 140 pa 90 musaiseweretse. Yezetsani shuga, ndi kolesterolo komwe ngati n'kotheka. Fodya siyani. Mchere ndi mafuta ouma, monga a nyama, chepetsani. Muziyenda ndawala mphindi 30 masiku ambiri pasabata. Mankhwala mukapatsidwa, kaya a BP kaya otsitsa LDL, osasiya nokha. Wina akapotoka pakamwa, mkono kufooka, mawu osamveka, kapena chifuwa kuthina, musamugoneke kuti tione mawa. Kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana mu ubongo kawirikawiri amathandiza m'maola anayi ndi theka oyambirira okha.

Amayi munakweza mkono aja, mundipeze panja tikamatuluka.