Msilikali, Yunifomu ndi Pakamwa

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo lino. Amayi, abambo, anzanga amene tinapuma pa usilikali, ndi inu anyamata mwakhala kumbuyoko, senderani pafupi kuti ndisachite kukuwa.

Chimene chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Sabata yathayi pa WhatsApp panayenda mawu ojambulidwa, munthu akudzitcha msilikali, akunyoza Pulezidenti ndi mawu oti sindingawabwereze pamaso pa agogo ali apawa. Ambiri munawamva, ena munawatumiza m'magulupu a mpingo ndi a banja. Pano makolo amene ana awo ali ku Kamuzu Barracks, ku Cobbe ndi ku Moyale tulo sakutiona, aliyense akumvetseranso mawuwo kuopa kuti mwina ndi a mwana wake. Ndiye ndiyambe ndi mfundo yeniyeni: msilikali amene akadali pantchito sadzudzula mtsogoleri wa dziko pagulu. Pa wailesi ayi, pa Facebook ayi, pa maliro ayi.

Sikuti Pulezidenti salakwa. Amalakwa, ndi munthu. Komanso sikuti msilikali alibe maganizo. Tsiku la chisankho amaima pamzere n'kuvota ngati wina aliyense. Nkhani ili pa mfuti. Mphunzitsi akanena kuti boma lalephera, timati ndi maganizo ake. Mawu omwewo akatuluka mkamwa mwa munthu wosunga makiyi a nyumba ya zida, anthu amamva chiwopsezo. Mlonda amene mwam'patsa chibonga kuti azilondera pakhomo, akayamba kuima pachipata n'kumauza odutsa kuti mwini nyumba ndi wopanda nzeru, inu mkatimo simungagone. N'chifukwa chake malamulo oyendetsera dziko a 1994 amati Pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali onse, ndipo gawo 160 limati asilikali azigwira ntchito motsogozedwa ndi akuluakulu a boma la anthu wamba.

Taonani zimene zinachitika ku Zimbabwe. Pa 13 Novembala 2017, General Constantino Chiwenga, amene ankatsogolera asilikali a dzikolo, anaitana atolankhani, atazunguliridwa ndi akuluakulu anzake ovala yunifomu, n'kudzudzula poyera zochitika m'chipani cha a Robert Mugabe. Sipanathe masiku atatu, magalimoto ankhondo anali m'misewu ya Harare. Pa 21 Novembala a Mugabe anatula pansi udindo. Ena anavina mumsewu, inde. Koma dziko likazolowera kuti wamfuti ndiye wonena amene akhale pampando, mawa adzachotsanso amene inu munamusankha. Msilikali amene akadali pantchito sadzudzula mtsogoleri pagulu, ndabwerezanso.

Ndipo inu amayi ndikudzudzuleniko pang'ono, mwaulemu. Mwana wanu akakuimbirani usiku kudandaula za chakudya kapena za ndalama zimene zachedwa, akuuza inu monga mayi wake. Musajambule mawuwo kukamvetsa anzanu kuchigayo. Panali mnyamata wina amene ndinagwira naye ntchito, wakhama, woti akanakwera patali. Anamwa tsiku la malipiro, n'kulemba mizere iwiri pa foni yokhudza mtsogoleri wa nthawiyo. Anafufuta m'mawa, koma mnzake anali atajambula kale. Ntchito inathera pomwepo, ana ali ku pulayimale. Asilikali ali ndi malamulo awoawo ndi makhothi awoawo, ndipo kumeneko mawu oti "ndinaledzera" sapulumutsa munthu.

(Bambo wina wachikulire aimirira: "Pepani achimwene, ndiye mukuti ana athu azingofera ku Congo ali duu? Nanga a Odillo aja sanakane zofuna za akuluakulu?")

Khalani pansi bambo, mwafunsa bwino, ndipo ndiyankha zonse ziwiri. A Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, panali akuluakulu ena a boma amene sankafuna kuti mayi Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa Pulezidenti, alowe pampando. Asilikali, motsogozedwa ndi General Henry Odillo, anaima pa zimene malamulo amanena, ndipo pa 7 Epulo mayiwo analumbiritsidwa. Kumeneko ndi kukana kuphwanya malamulo. Gawo 160 lomwe lija limaletsa munthu aliyense, kaya ndi wamkulu bwanji, kutuma asilikali kukachita zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Msilikali akalamulidwa kuwombera anthu osalakwa, ayenera kukana. Koma kukana lamulo loipa ndi chinthu china, kupita pa wailesi kukanena kuti mtsogoleriyu watikwana ndi chinanso.

Mbiri ya asilikali athu ikuonetsa zomwezo. Mu Disembala 1993, Apayoniya, gulu la achinyamata a zida la chipani cha Kamuzu, atapha asilikali ku Mzuzu, kunachitika Operation Bwezani, asilikali n'kulanda zida za Apayoniya. Kamuzu anali atangochitidwa opaleshoni, boma lili lofooka. Akanafuna akanatenga dziko. Sanatenge, anabwerera kukampu, ndipo mu Meyi 1994 ife tonse tinakavota. Mu 2019, pa zionetsero zokana zotsatira za chisankho, munawaona asilikali akuyenda m'mbali mwa anthu kuwateteza, osakwera pa nsanja ya chipani chilichonse. Mu Malichi 2020 General Vincent Nundwe anachotsedwa paudindo wotsogolera asilikali. Anachoka, sanatulutse galimoto yankhondo ngakhale imodzi, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho anabwezeretsedwa. Ulemu umene msilikali wa Malawi ali nawo pakati pa anthu unachokera pamenepo.

Tsono za ku Congo, bambo, zimandiwawa ngati mmene zikukuwawirani inu. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni. Mu Januwale 2025 tinatayanso atatu kum'mawa kwa dzikolo. Mafunso alipo oyenera kufunsidwa: anapita ndi zida zokwanira? Amasiye akusamalidwa? Koma wofunsa asakhale mwana amene ali kutsogolo kwa nkhondo. Ofunsa ndi inu kholo lake, ndi phungu wanu, ndi atolankhani, ndi ife amene tinavula yunifomu. Ku Nyumba ya Malamulo kuli komiti yoona za chitetezo, ntchito yake ndi imeneyo. Ife tikakhala chete, m'pamene mwana uja amafika potenga foni n'kudziwonongera tsogolo.

Choncho kwa ife opuma, yankho langa ndi lakuti inde, lankhulani. Gawo 35 limapatsa aliyense ufulu wonena maganizo ake, ndipo kupuma pa usilikali sikukuchotserani ufuluwo. Penshoni si chiphuphu chotitsekera pakamwa, ndi thukuta lathu. Mtsogoleri akalakwa, nenani kuti walakwa ndipo fotokozani pamene walakwira. Koma lankhulani ngati nzika. Ndimamva chisoni ndikaona mnzanga atavala chipewa chake chakale ndi mamendulo pa msonkhano wa chipani, n'kumati "ife asilikali takwiya." Asilikali ake ati? Ndani wakutumani? Mamendulo amenewo ndi a mwambo wokumbukira anzathu mu Novembala, si a pa kampeni.

Ndikuona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Mwana ali pantchito akakhala ndi dandaulo, adutse kwa omuyang'anira, alembe kalata, asunge kope yake. Inu opuma, musaulule za malo, zida kapena mayendedwe a asilikali, lumbiro lija silinathe. Musauze ana ali m'kampu kuti agalukire. Dzudzulani ntchito, musatukwane munthu, ndipo musanene chimene mulibe nacho umboni, chifukwa lamulo la za pa intaneti la 2016 lamangitsa kale anthu kaamba ka zolemba pa foni. Mawu aja a sabata yatha, amene akadali nawo afufute, musawatumizenso. Ndipo mukaimbira ana anu madzulo ano muwakumbutse: akadali pantchito sadzudzula mtsogoleri pagulu.

Amene muli ndi mavuto a penshoni kapena ndalama za amasiye, tsalani pansi pa mtengo apo ndi mapepala anu, tilembere limodzi kalata yopita kwa a phungu. Zikomo a mfumu.