Makalata a Omvera: Mlendo pa Benchi ya Kumbuyo

Kalata yoyamba madzulo ano yachokera ku Namwera, kwa mayi amene apempha kuti dzina lawo tisatchule. Akuti:

"Ndine mphunzitsi, anandisamutsa kuchoka ku Dedza mu Januwale. Lamulungu lililonse ndimapita ku Misa, ndimakhala pa benchi ya kumbuyo, tikaweruka aliyense amatenga njira yake. Mwezi watha malungo anandigwetsa masiku asanu. Wa kutchalitchi sanabwere ndi mmodzi yemwe. Amene ankandiphikira phala ndi mayi wachisilamu woyandikana nane nyumba. Kodi ndizingopempherera pakhomo?"

Pepani aphunzitsi, mwavutika. Poyamba mukathokoze mayi a phalawo, muwatengereko ka shuga. Kuno ku Mangochi timakhala chomwecho, Akhristu ndi Asilamu chitsime chimodzi, ndipo chimene anachita mayiwo ambirife chatichititsa manyazi.

Koma ndikufunseni: dzina lanu lili mu mphakati uti? M'kalatamu simunatchule. Lamulungu tchalitchi chimadzaza mpaka ena kuima m'mawindo, ndiye munthu akasowa sabata imodzi palibe amene amazindikira. Ndi chifukwa chake maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi Achikatolika a m'chigawo chino cha Africa, anagwirizana mu 1973 kuti mpingo uzikhazikika m'magulu ang'onoang'ono otchedwa miphakati, chaka chomwecho chimene Mangochi inakhala dayosizi. Kumphakati mumakhala mabanja owerengeka, pamphasa, pakhonde la munthu, nkhuku zikudutsa pakati pa pemphero. Kumeneko mukajomba kawiri, amayi amakupezani pakhomo atanyamula ufa m'kambale.

Choncho Lamulungu likubwerali musathamangire kotuluka. Dikirani akatekisiti, muwapatse kalata ya kuparishi kwanu ku Dedza ngati munatenga, akulozereni mphakati wa dera lanu. Ndipo mukamva kuti kwagwa zovuta, mangani chitenje, tengani ndowa, pitani. Kusiwa safunsa kuti munabwera liti. Mukatunga madzi kawiri katatu, mukakhala nawo pamafuwa utsi ukukulizani misozi, pofika nthawi ya mwambo amayi khumi adzakhala atadziwa dzina lanu ndi sukulu imene mumaphunzitsa. Ine mnzanga wapamtima ndinamupeza tikukumba manda, makasu ali awiri anthu tili asanu ndi atatu.

Inunso atsogoleri, musabisale kuseri kwa wailesi. Munthu wakhala pa benchi imodzimodzi miyezi yonseyi, palibe anamufunsa kumene amakhala? Kuimiritsa alendo nthawi ya zolengeza ndi kuwaombera m'manja sikokwanira ngati palibe wolemba dzina ndi mudzi. Paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Awa ndi aphunzitsi, mwina ana a Tilitonse, gulu la ana kutchalitchi, akusowa wowaphunzitsa pomwepo.

Yachiwiri ndi yaifupi, yachokera kwa Chimwala, m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Bambo awa akuti: "Ndine msodzi, usiku ndimakhala pamadzi, masana ndimagona. Kwaya sindingathe, komiti imakumana ine ndikukonza makoka. Anzanga amati ndine Mkhristu wa dzina lokha. Nditumikire bwanji?"

Achimwene, ndani anakuuzani kuti utumiki ndi yunifolomu ndi mpando wa kutsogolo basi? Tsegulani Machitidwe a Atumwi mutu 6. Mkangano wa mpingo wa ku Yerusalemu unali wa chakudya: amayi amasiye ena ankawadumpha pogawa, mpaka anasankha amuna 7 oyang'anira ntchito imeneyo, Stefano ali m'gulumo. Inu chakudyacho mumabwera nacho m'bwato. Funsani gulu loyendera odwala kumpingo kwanu kuti limayenda tsiku liti. Tsiku limenelo mukakocheza, patulani mbale imodzi ya kambuzi musanayambe kukangana mitengo ndi ogula, mutumize mwana akapereke. Tikudziwa kuti Malombe masiku ano sakupatsa ngati kale, ndiye tsiku limene mwabwera chimanjamanja musadzimvere mlandu. Koma tsiku lina mupite nawo nokha, mukaone agogo amene akudya ndiwo zanuzo.

Kalata ya ku Monkey Bay yofunsa za chakhumi tiwerenga tikamva nyimbo iyi.